Chidole, nthawi ndi kuunikirana: kusankha njira yophunzitsira ophunzira uzamba kuthandiza khanda kupuma

Mwana akabadwa osalira, mzamba amakhala ndi mphindi imodzi yoti amupukute, amusisite kumsana, aone ngati akupuma, ndipo ngati sakupuma ayambe kumupopera mpweya ndi ambu bag, thumba lofinya ndi dzanja lolumikizidwa ku masiki. Mwa makanda 10 aliwonse, limodzi limafuna thandizo linalake kuti liyambe kupuma, koma ofika pofunika kupsinjidwa pachifuwa kapena kupatsidwa mankhwala sakwana mmodzi pa ana 100. Choncho luso lopulumutsa ana ambiri obanika pobadwa lili m'manja awiri a mzamba: dzanja limodzi logwira masiki pankhope mosalola mpweya kuthawira m'mbali, ndi lina lofinya thumba mpaka chifuwa chikwere. M'chaka cha 2022 ana pafupifupi 2.3 miliyoni anamwalira asanakwanitse mwezi umodzi padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anamwalira chifukwa cha zovuta za pa nthawi yobadwa, makamaka kubanika.

Chovuta kwa mphunzitsi n'chakuti luso limeneli silingaphunziridwe pa mwana weniweni. Wophunzira atha kubereketsa amayi ambiri osakumanapo ndi khanda lobanika kwambiri, ndipo tsiku limene lapezeka, mzamba wamkulu amatenga ambu bag m'manja mwake, monga mmene ziyenera kukhalira. N'chifukwa chake sukulu za uzamba zimadalira kuyeserera pa chidole, kenako n'kukhala pansi kuunikirana zimene zachitika. Amene ali ndi udindo wosankha, kaya ndi mkulu wa sukulu, mphunzitsi kapena mzamba woyang'anira ophunzira m'wodi, amayenera kugamula zinthu ziwiri zosiyana zimene kawirikawiri zimasakanizidwa: chipangizo ndi malo oyesererapo, komanso kachitidwe ka zokambirana za pambuyo pake.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Funso loyamba pa chidole chilichonse ndi ili: kodi chifuwa chake chimakwera pokhapokha mpweya walowa bwino? Ngati chimakwera ngakhale khosi lapindika kapena masiki yakhala mopendama, chidolecho chikuphunzitsa bodza ndipo sichiyenera kulowa m'kalasi.

Pambuyo pa funso limeneli, njira iliyonse ndaiyeza pa mfundo zinayi. Mtengo ndi ndalama zogulira pamodzi ndi zonse zotsatirapo, monga zosinthira zikatha, magetsi, intaneti ndi maola a mphunzitsi, amene kawirikawiri saikidwa m'bajeti ngakhale kuti ndiwo amadya zambiri. Kupezeka ndakuwerenga poona kuti wophunzira mmodzi angagwire chipangizocho kangati pa mwezi. Kusamalira kukukhudza amene angachikonze chikawonongeka, ndi kutalika kwa nthawi imene chingakhale m'kabati kudikira. Zoopsa ndi zizolowezi zolakwika, kudzidalira kopanda maziko, ndi manyazi amene angachititse wophunzira kuopa ambu bag kwa zaka zambiri.

Mfundo ya kupezeka ndimaiika patsogolo pa zinzake chifukwa cha zimene zinaoneka ku Tanzania. Pulogalamu ya Helping Babies Breathe, imene bungwe la American Academy of Pediatrics linakhazikitsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2010, imaphunzitsa kuti mwana aliyense akhale atayamba kupuma kapena kupoperedwa mpweya mphindi yoyamba isanathe, ndipo mphindi imeneyi amaitcha Golden Minute. Zotsatira za m'zipatala 8 za ku Tanzania, zofalitsidwa mu 2013, zinaonetsa kuti imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 peresenti. Komabe pa chipatala cha Haydom ofufuza anapeza kuti kosi ya tsiku limodzi inakweza luso la azamba pa chidole popanda kusintha zochita zawo m'chipinda chochirira. Kusintha kunadza atayamba kuyeserera mwachidule sabata iliyonse, kwa mphindi 3 mpaka 5, pamalo awo antchito, ndipo malinga ndi zotsatira za mu 2015, imfa za m'maola 24 oyamba zinatsika kuchoka pa 11.1 kufika pa 7.2 pa ana 1,000 aliwonse. Chidole chinali chomwecho, azamba anali omwewo, koma manja awo anali atazolowera thumba. Luso lopopa mpweya limayamba kuzilala pakangopita miyezi yochepa osaligwiritsa ntchito, ndipo wophunzira amene anakhoza mayeso m'chaka chachiwiri sangadalire luso lomwelo pa tsiku loyamba la ntchito.

Chidole chosavuta chodzaza madzi

Chodziwika kwambiri ndi NeoNatalie, chopangidwa ndi kampani ya Laerdal ya ku Stavanger m'dziko la Norway, ndipo ndicho chimagwiritsidwa ntchito mu Helping Babies Breathe. Chikadzazidwa madzi ofunda chimalemera ndi kufunda ngati khanda, ndipo mutu wake umagwa usakugwiridwa bwino. Mnzake wa wophunzirayo amafinya timipira tolumikizidwa ndi timapaipi kuti chidole chipume chokha kapena kuti mchombo ugunde.

Mtengo: Chidole cha mtundu uwu n'chotsika mtengo kwambiri. Ndalama zogulira chidole chimodzi choyendetsedwa ndi kompyuta zingagule zidole zotere zoposa 100.

Kupezeka: Madzi akachotsedwa chimapindika n'kulowa m'kachikwama, ndipo sichifuna magetsi. Helping Babies Breathe inakonzedwa kuti ophunzira azigwira ntchito awiriawiri pa chidole chimodzi, mphunzitsi mmodzi akuyang'anira anthu 6. Sukulu imene yafika pa chiwerengero chimenechi imatha kubwerekanso zidole kwa ophunzira kuti akayeserere madzulo kumene amagona.

Kusamalira: Madzi achotsedwe ndipo mkati muume, apo ayi mumachita nguwi. Zikhadabo, mapini ndi sizasi zimaboola thupi lake, ndipo inki ya bolopeni sichoka. Ambu bag ndi masiki zophunzitsira zilembedwe chizindikiro kuti zisasakanikirane ndi za m'wodi, zimene zimafunika kuphwasulidwa, kutsukidwa ndi kuphedwa tizilombo zikagwiritsidwa ntchito pa mwana.

Zoopsa: Mapapo a chidolechi ndi ofewa, pamene mapapo a khanda losapumapo amakhala ndi madzi ndipo amavuta kufutukuka pa mipweya yoyambirira. Wophunzira amene wazolowera chifuwa chokwera mosavuta amasokonezeka akakumana ndi chifuwa chokana. Mphunzitsi wanzeru amatseka vuto limeneli ponena kuti chifuwa sichikukwera, kuti wophunzira achite njira zokonzera: kuikanso masiki, kuwongola mutu, kuchotsa zotseka m'kamwa ndi m'mphuno ngati zilipo, kutsegula kamwa pang'ono, ndi kufinya thumba mwamphamvu pang'ono. Chidolechi sichiuzanso wophunzira ngati akupopa mothamanga kuposa mipweya 40 pa mphindi imene pulogalamuyi imaphunzitsa, kapena ngati akufinya mopyola muyezo. Ophunzira awiri akasiyidwa okha kwa nthawi yaitali, atha kulimbikitsana pa cholakwa chimodzi mpaka chitakhazikika.

Chidole choyeza kapopedwe

Mtundu wachiwiri ndi chidole chokhala ndi tizipangizo toyeza mkati mwake, monga NeoNatalie Live. Chimalemba liwiro la kupopa, nthawi zimene wophunzira anaima, ndi ngati mpweya unafika m'mapapo, kenako n'kutumiza zotsatira pa foni kapena tabuleti. Mapapo ake angaikidwe kuti alimbe poyamba, ndipo kugunda kwa mtima kumakwera pokhapokha kapopedwe kakhala bwino.

Mtengo: Chimakwera kangapo kuposa chodzaza madzi, ndipo pamafunikanso tabuleti kapena foni yogwirizana nacho, koma chili kutali kwambiri ndi mtengo wa chidole cha kompyuta.

Kupezeka: Ubwino wake waukulu ndi wakuti wophunzira atha kuyeserera yekha n'kulandira yankho loona popanda mphunzitsi. Chidole chimodzi choikidwa pamalo otseguka chingatumikire anthu ambiri pa tsiku, chifukwa ulendo umodzi umatha mphindi zochepa. Pulogalamu ya Safer Births Bundle of Care, imene inachitika m'zipatala 30 za ku Tanzania, inagwiritsa ntchito chidole chimenechi, ndipo zotsatira zake zofalitsidwa mu 2025 zinaonetsa kuti imfa za ana pa nthawi yobadwa ndi atangobadwa zinatsika ndi 18 peresenti. Phindulo linachokera ku zinthu zingapo pamodzi, kuphatikizapo zida zatsopano zomvera mtima ndi azamba osankhidwa kutsogolera anzawo, motero si chilungamo kulipereka kwa chidole chokha.

Kusamalira: Batire iyenera kutchajidwa, pulogalamu ya pa tabuleti imafuna kukonzedwanso nthawi ndi nthawi, ndipo toyezera tamkati tikafa sitingakonzedwe ndi mphunzitsi. Pafunika munthu mmodzi wodziwika amene tabuleti ili m'manja mwake.

Zoopsa: Wophunzira atha kuyamba kusaka manambala abwino pa sikirini n'kuiwala kuti asanagwire thumba pali kupukuta, kusintha nsalu yonyowa, kufunditsa ndi kuitana thandizo. Palinso chiyeso kwa oyang'anira chogwiritsa ntchito zolembedwazo polanga, ndipo zikatero ophunzira ofooka, amene ndiwo akufunika chidolecho koposa, amasiya kuchiyandikira.

Chidole choyendetsedwa ndi kompyuta

Pamwamba pa zonse pali zidole monga SimNewB ya Laerdal ndi Super Tory ya kampani ya Gaumard. Zimalira, zimagwedeza manja ndi miyendo, milomo imasintha mtundu, mtima ndi mapapo zimamveka pa chipangizo chomvera m'chifuwa (stethoscope), ndipo munthu angathe kulowetsa chubu m'kholingo kapena kachubu mu mtsempha wa pamchombo. Woyendetsa amakhala pa kompyuta n'kumasintha mmene mwana alili potsatira zimene gulu likuchita.

Mtengo: N'chokwera kwambiri, ndipo kugula ndi chiyambi chabe. Pamafunika chipinda chokonzedwa, magetsi odalirika, mgwirizano wokonzetsa umene umalipiridwa chaka ndi chaka, ndi katswiri wa makina wolembedwa ntchito.

Kupezeka: Sukulu zambiri zimakwanitsa chimodzi chokha. Chochitika chimodzi pamodzi ndi kuunikirana kwake chimatha pafupifupi ola lathunthu kwa gulu la anthu ochepa, choncho m'kalasi yaikulu wophunzira aliyense angagwire thumba kamodzi kapena kawiri pa chaka. Ndinaonapo chidole chotere chitakhala chotsekeredwa chaka chonse chifukwa amene anasunga makiyi ankaopa kuti ophunzira achiwononga, ndipo mantha akewo anali omveka poona mtengo wake.

Kusamalira: Khungu, mapaipi amkati ndi batire zimatha, zosinthira zimaitanitsidwa kwa opanga, ndipo kudikira kutha kutenga miyezi. Katswiri amene anaphunzitsidwa kuchiyendetsa akachoka ntchito, chidolecho chimasanduka chokongoletsera chipinda.

Zoopsa: Popeza chidole chimatha zambiri, aphunzitsi amakopeka kulemba zochitika zovuta zofuna chubu ndi mankhwala, zimene zimachitika mwa apo ndi apo ndipo nthawi zambiri si ntchito ya mzamba woyamba kumene. Ophunzira amaphunziranso kuyang'ana pa sikirini m'malo moyang'ana chifuwa ndi kumva mtima, pamene kumalo ambiri kumene adzagwire ntchito kulibe sikirini. Komiti ya ILCOR, imene imaunika umboni wa malangizo otsitsimutsa anthu padziko lonse, imavomereza zidole zosavuta kumene zapamwamba kulibe. Mphamvu yeniyeni ya chidole cha kompyuta ili pa kuphunzitsa gulu, pamene mzamba, namwino ndi dokotala akuyenera kugawana ntchito, mmodzi akupopa mpweya, wina akupsinja chifuwa katatu pa mpweya umodzi uliwonse chifukwa mtima watsika pansi pa 60 pa mphindi.

Mapulogalamu a pa foni ndi magalasi a VR

Safe Delivery App ya bungwe la Maternity Foundation la ku Denmark ili ndi mavidiyo ojambula ndi mafunso odziyesera, ndipo pulogalamu ya eHBB, imene inayesedwa ku Nigeria ndi ku Kenya, imaika wophunzira m'chipinda chochirira chooneka ngati chenicheni kudzera pa foni yoikidwa m'magalasi, njira imene imatchedwa VR.

Mtengo: Safe Delivery App ndi yaulere, ndipo ikatsitsidwa imagwira ntchito popanda intaneti. Magalasi apadera a VR ndiwo amafuna ndalama.

Kupezeka: Ili m'thumba la wophunzira usana ndi usiku.

Kusamalira: Mphunzitsi aonetsetse kuti zimene pulogalamu ikuphunzitsa zikugwirizana ndi malangizo a dziko lake ndi buku limene kalasi ikutsatira.

Zoopsa: Foni imaphunzitsa ndondomeko, koma chala chodina pa sikirini sichiphunzira kugwira chibwano ndi masiki. Njirayi ndi yothandizira chidole, ndipo sukulu imene ingaiwerenge ngati yalowa m'malo mwa chidole idzatulutsa azamba odziwa kufotokoza chimene manja awo sangachite.

Kuyeserera m'chipinda chochirira chenicheni

Njira imeneyi ikukhudza malo, ndipo imatheka ndi chidole chilichonse mwa ziwiri zoyambirira. Chidole chimakhala pafupi ndi pamene ana amathandizidwira, ndipo ophunzira amayeserera kwa mphindi zochepa poyamba shifiti, kapena woyang'anira amaitana mwadzidzidzi ngati kuti mwana wabanikadi.

Mtengo: Ndalama ndi zochepa, koma imadya nthawi ya azamba amene ali kale ndi amayi ambiri.

Kupezeka: Imatheka tsiku lililonse ngati mkulu wa wodi wavomereza. Ikhale ndi lamulo lakuti mayi kapena mwana weniweni akafuna thandizo, kuyeserera kumaima pomwepo.

Kusamalira: Chofunika kusamalidwa pano ndi chizolowezi. Kaundula wolembamo amene wayeserera ndi munthu mmodzi wokumbutsa anzake ndizo zimasunga ndondomekoyi miyezi yoyamba ikapita.

Zoopsa: Amayi ndi owadikirira atha kuchita mantha poona anthu akuthamanga ndi chinthu chooneka ngati mwana, choncho auzidwe. Zida za m'wodi zikagwiritsidwa ntchito zibwezeredwe zili zoyera. Pa mbali ina, njira imeneyi imavumbula zimene kalasi singaone: masiki ya ana obadwa masiku asanakwane kusowa, valavu ya ambu bag kubwezeredwa molakwika pambuyo potsuka, wotchi kukhala kumene wopopa sangaione. Wophunzira amene wapezapo valavu yolakwika pa chidole amazolowera kuyesa thumba pachikhatho mayi asanachire.

Kusankha kaunikidwe

Kuyeserera kopanda kuunikirana kumakhazikitsa chilichonse chimene wophunzira anachita, chabwino ndi choipa chomwe. Koma musanasankhe mtundu wa zokambirana, pali mawu oyenera kunenedwa chochitika chisanayambe, ndipo sangadumphidwe pa njira iliyonse: cholinga cha lero, zimene chidole chimatha ndi zimene sichitha, ngati pali kupereka malikisi kapena ayi, ndi lonjezo lakuti zolakwa za m'chipindamo sizidzakambidwa kunja. Wophunzira amene akuganiza kuti akuyesedwa mobisa sanganene zimene ankaganiza.

Mafunso awiri achidule

Njira yotchedwa plus-delta imafunsa kuti chayenda bwino n'chiyani, ndipo chofunika kusintha ulendo wina n'chiyani.

Mtengo: Mphindi 5 zimakwana. Kupezeka: Mzamba aliyense woyang'anira angaiphunzire tsiku limodzi, ndipo ophunzira angaichite okhaokha atapatsidwa pepala la ndondomeko. Kusamalira: Imafuna kuti mayankho azikhala a zinthu zooneka, monga masekondi amene anapita mpweya woyamba usanalowe, chifukwa ikalekereredwa imasanduka kuyamikirana chabe. Zoopsa: Imatchula cholakwa popanda kufika pa chifukwa chake, ndipo wophunzira sangatchule cholakwa chimene sakuchidziwa.

Kuunikirana kozama

Mu 2006 Jenny Rudolph ndi anzake a ku Center for Medical Simulation ku America anafotokoza njira imene mphunzitsi amanena poyera chimene waona ndi maganizo ake, kenako n'kufunsa mwachidwi chenicheni zimene zinali m'mutu mwa wophunzira. Mu 2015 Walter Eppich ndi Adam Cheng anasanja ndondomeko ya PEARLS, imene imayamba ndi mmene anthu akumvera mumtima, kenako kufotokoza zimene zinachitika, kuzisanthula, ndi kutola mfundo zopita nazo.

Kusiyana kwake kumaoneka pa chitsanzo. Wophunzira wataya masekondi 40 akuyamwa m'kamwa mwa chidole ndi kachipangizo koyamwira, mwana asakupuma. Mphunzitsi atha kungonena kuti wachedwa, ndipo wophunzira adzavomera. Koma atha kunena kuti: "Ndinaona kuti munapitiriza kuyamwa kwa masekondi 40 mwana asakupuma, ndipo ndinada nkhawa chifukwa mphindi yoyamba inali kutha. Munkaona chiyani pa nthawi imeneyo?" Yankho lingakhale lakuti m'wodi anauzidwa kuti mwana aliyense ayamwidwe mpaka m'kamwa muyere. Apa mphunzitsi wapeza muzu, ndipo angathe kufotokoza kuti malangizo a 2012 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, salimbikitsa kuyamwa mwachizolowezi pamene madzi a m'chiberekero anali oyera ndipo palibe chotseka njira ya mpweya, chifukwa kumachedwetsa kupopa ndipo kutha kutsitsa kugunda kwa mtima. Chikhulupiriro chimenecho chikanakhalabe chobisika, wophunzirayo akanabwereza zomwezo pa mwana weniweni.

Mtengo: Imafuna nthawi yoposa ya chochitikacho, kawirikawiri mphindi 20 kapena kupitirira, komanso maphunziro apadera a aphunzitsi.

Kupezeka: Aphunzitsi oidziwa bwino ndi ochepa, ndipo imagwira ntchito pa magulu aang'ono okha.

Kusamalira: Luso lounikira nalo limazilala. Aphunzitsi azionererana ndi kuuzana zoona, makamaka pa chizolowezi cholankhula kwambiri kuposa ophunzira.

Zoopsa: Mphunzitsi amene waloweza mawu ake koma mumtima wagamula kale mlandu amasandutsa funso kukhala msampha, ndipo ophunzira amazindikira msanga. Kumene ophunzira anazolowera kusayankha wamkulu, pamafunika kuleza mtima ndi chete wautali asanayambe kumasuka.

Kuimitsa ndi kubwereza

Elizabeth Hunt wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafotokoza mu 2014 njira imene mphunzitsi amaimitsa chochitika pomwe cholakwa chaoneka, n'kukonza ndi mawu ochepa, kenako wophunzira amabwerera m'mbuyo pang'ono ndi kuchitanso mpaka zitakhala bwino.

Mtengo: Palibe chogula, koma mphunzitsi amayenera kukhala pafupi ndi gulu laling'ono nthawi yonse. Kupezeka: Imatheka ndi chidole chodzaza madzi, ndipo imapereka nthawi yochuluka yogwira thumba kuposa njira zina zonse. Kusamalira: Mfundo zoimitsira zilembedwe pasadakhale kuti aphunzitsi onse aziimitsa pa zinthu zofanana. Zoopsa: Wophunzira wosachenjezedwa amamva ngati akunyozedwa akaimitsidwa kachisanu, ndipo amene waphunzira mwa njira iyi yokha sanayendepo ulendo wonse popanda womugwira dzanja.

Vidiyo

Mtengo: Foni yokhala ndi kamera imakwana. Kupezeka: Kujambula n'kosavuta, koma kusankha mbali yoyenera kuonetsa kumafuna luso. Kusamalira: Pafunika chilolezo cha ojambulidwa ndi lamulo la tsiku lofufuta. Zoopsa: Kuunika kwa kafukufuku wambiri kumene kunafalitsidwa mu 2014 kunapeza kuti kuonjezera vidiyo sikupindula kwenikweni poyerekeza ndi kukambirana pakamwa, ndipo vidiyo yotuluka kunja kwa kalasi imathetsa chikhulupiriro cha gulu lonse. Imathandiza pa chinthu chimodzi, ndicho nthawi: wophunzira wotsimikiza kuti anayamba kupopa msanga amakhutira akaona yekha masekondi 90 akudutsa.

Njira iti kwa yani

Sukulu yokhala ndi ophunzira ambiri ndi ndalama zochepa igule zidole zodzaza madzi zokwanira anthu awiriawiri, itsegule chipinda choyeserera ngakhale kunja kwa maola a kalasi, ndipo oyamba kumene aphunzitsidwe mwa kuimitsa ndi kubwereza mpaka chifuwa chizikwera pa mpweya uliwonse. Akafika pamenepo ayambe kuyenda chochitika chonse osaimitsidwa, n'kumaliza ndi mafunso awiri aja.

Ophunzira amene ali m'wodi akufunika chidole pafupi ndi bedi lothandizira ana ndi mphindi zochepa poyamba shifiti. Pulogalamu ya pa foni ikhale yokumbutsa ndondomeko pakati pa masiku oyeserera.

Sukulu imene yalandira thandizo la ndalama la kamodzi kokha isamale kwambiri, chifukwa chidole cha kompyuta chimafuna ndalama chaka chilichonse thandizolo litatha. Ndalama zomwezo zingagule zidole zoyeza zingapo, zodzaza madzi zambiri, ndi kulipira maphunziro a kaunikidwe kwa aphunzitsi onse pamodzi ndi azamba a m'mawodi kumene ophunzira amatumizidwa. Azamba a m'mawodiwa amaiwalika kawirikawiri, pamene ndiwo amene wophunzira amatengera zochita zawo.

Chipatala chachikulu chophunzitsira, chokhala ndi wodi ya makanda odwala kwambiri, madokotala a ana ndi katswiri wa makina, chili ndi chifukwa chomveka chogulira chidole cha kompyuta, makamaka ngati madipatimenti angapo agawana mtengo. Ophunzira uzamba alowemo m'chaka chomaliza ngati mamembala a gulu, ataphunzira kale kupopa pa chidole chosavuta, ndipo kuunikirana kukhale kozama, vidiyo ikuonetsedwa pa mbali yaifupi yosankhidwa.

Amene atsala pang'ono kumaliza ndipo akuyembekezeka kukagwira ntchito okha usiku akufunika zochitika zovutirapo, zimene chidole chodzaza madzi chingathe kuonetsa: chifuwa chokana kukwera, mayi amene wayamba kutaya magazi mwana akupoperedwa, wothandizira yekhayo ali wachibale wosaphunzira za chipatala. Ayeserere kulankhula ndi mayi pamene manja akupopa, ndi kukonza zotumiza mwana kuchipatala chachikulu. Ayesererenso, kamodzi kapena kawiri, chochitika chimene mtima sukumveka patatha mphindi 10 za kupopa koyenera, pamene malangizo a WHO a 2012 amalola kusiya, ndi mawu ouza mayi kuti mwana wake wamwalira. Chochitika chotere chisaperekedwe kwa oyamba kumene, chisakhale chilango cha cholakwa, ndipo ophunzira achenjezedwe pasadakhale kuti chidole chitha kufa.

Wophunzira amene waona kumene khanda lenileni likumwalira m'wodi asaimitsidwe pamaso pa anzake tsiku lotsatira. Mphunzitsi ayambe wakhala naye pansi awiri, amve zimene anaona ndi zimene akudziimba nazo mlandu, ndipo akafuna yekha kubwerera pa chidole, ayambe ndi chochitika chosavuta chimene mwana amalira pambuyo pa mipweya yochepa, pali iye ndi mphunzitsi basi.